Dokotala walemba mankhwala, wovomereza ndi wina: amkhalapakati a mankhwala a khansa ku America

Pali piritsi lina la khansa ya m'magazi lotchedwa imatinib. Kampani ya Novartis inayamba kuligulitsa ku America mu 2001 ndi dzina loti Gleevec, ndipo madokotala a khansa amalikumbukirabe ngati chozizwitsa. Mtundu wa khansa wotchedwa chronic myeloid leukemia, umene kale unkatenga munthu m'zaka zowerengeka, unasanduka nthenda yoti munthu n'kukalamba nayo, bola azimwa piritsi tsiku ndi tsiku, monga tikuonera ndi ma ARV. Mtengo wake ndiye unali woboola m'thumba. Unayambira pa madola pafupifupi 26,000 pachaka, n'kumangokwera mpaka kupitirira 100,000. Mu 2016 makampani ena analoledwa kuyamba kugulitsa imatinib yawo, ndipo patapita zaka zochepa mtengo woodera unagweratu pansi. Famase ya pa intaneti ya mpondamatiki Mark Cuban itatsegulidwa mu January 2022, mapiritsi a mwezi wathunthu ankagulidwa ndi madola 47.

Koma mu September 2023 nyuzipepala ya Wall Street Journal inapeza kuti makampani a CVS Health ndi Cigna ankatha kulipiritsa madola 6,600 kapena kuposa apo pamwezi pa imatinib yomweyo, munthu akaitenga kudzera mu inshuwaransi. Apa Novartis mulibemo, poti umwini wake pa mankhwalawa unali utatha kalekale. Kuti mumvetse kumene ndalama ya pakatiyo inkalowera, muyenera kudziwa makampani amene odwala ambiri a ku America sanawaonepo ndi maso, ngakhale dzina lake lili pa khadi lawo la inshuwaransi. Kumeneko amawatchula ndi zilembo zitatu, PBM, chidule cha pharmacy benefit manager. Ife tingoti amkhalapakati a mankhwala.

Anachokera kuti

Ku America kulibe bungwe limodzi la boma logulira zipatala zonse mankhwala, monga imachitira Central Medical Stores Trust ku Malawi. Anthu ambiri inshuwaransi ya zaumoyo amaipeza kuntchito. Amene akwanitsa zaka 65 amalowa m'ndondomeko ya boma ya Medicare, ndipo opeza movutikira ali ndi Medicaid. Olipira onsewa, kaya ndi bwana wa kampani, kaya ndi boma, nkhani ya mankhwala ogula ku famase saiyendetsa okha. Amalemba ganyu PBM.

Ntchito yake poyamba inali yaukalaliki chabe. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kunabwera makampani amene ankapatsa anthu khadi la pulasitiki, kuti akafika pa famase asalipire ndalama yonse n'kumadzalemba makalata oti awabwezere. PBM inkangowerengetsa ndi kutumiza ndalama, n'kulandirapo kangachepe pa risiti iliyonse. Pang'ono ndi pang'ono ntchito inakula. Lero PBM ndi imene imakonza mndandanda wa mankhwala amene inshuwaransi ingalipire. Ndi imene imanenerera mitengo ndi makampani opanga mankhwala. Imasankhanso mafamase amene wodwala angakatengeko mankhwala, n'kudula yokha ndalama imene famase iliyonse ilandire. Ndipo dokotala akalemba mankhwala odula, ndi imene imanena kuti inde kapena ayi.

Kenako kunabwera kumezana. CVS, imene ili ndi masitolo a mankhwala zikwizikwi, inaphatikizana ndi PBM yotchedwa Caremark mu 2007. PBM ina, Express Scripts, inagula inzake ya Medco mu 2012. Mu 2018 CVS inagula kampani ya inshuwaransi ya Aetna, ndipo chaka chomwecho kampani ya inshuwaransi ya Cigna inagula Express Scripts. PBM yachitatu, Optum Rx, ndi ya UnitedHealth Group, kampani yaikulu kuposa onse pa inshuwaransi ya zaumoyo m'dzikomo. Bungwe la boma loona za mpikisano pa malonda, Federal Trade Commission kapena kuti FTC, linanena mu July 2024 kuti atatuwa amayendetsa pafupifupi 80 peresenti ya mankhwala onse amene madokotala amalembera anthu m'dziko lonselo. Gwirani mfundo iyi, pakuti zonse zotsatira zatsamira pomwepa: wa inshuwaransi, mkhalapakati ndi wogulitsa mankhwala, m'makampani atatuwa ndi ana a nyumba imodzi, odyera mbale imodzi.

Khansa inalowa mochedwa m'manja mwawo. Kale mankhwala ambiri a khansa ankaperekedwa kuchipatala, pa diripi kapena jakisoni. Chipatala chinkagula chokha, n'kupatsa wodwala, n'kutumiza bilu ku inshuwaransi. PBM inalibe polowera. Zinthu zinasintha ndi mapiritsi ngati imatinib. Chiyambire 2001 kwabwera mapiritsi ambirimbiri a khansa ya m'mapapo, ya m'mawere, ya prostate, ya impso ndi ya m'magazi, ndipo piritsi ndi katundu wa ku famase. Atsopano ambiri amapitirira madola 100,000 pachaka pa munthu mmodzi. Ndalama zikachuluka chonchi panjira, woyang'anira chipata sangagone.

Ndalama yobwerera kukhomo la kuseri

Nkhani imene imamveka kwambiri ndi ya rebate. Kampani yopanga mankhwala imalengeza mtengo wake poyera. Kenako kuseri imagwirizana ndi PBM kuti pa botolo lililonse logulidwa idzabweza gawo lina la ndalama, malinga PBM iike mankhwalawo pamalo abwino pa mndandanda uja, kapena itsekere kunja a kampani inzake. Kuchuluka kwa ndalama yobwezedwayo ndi chinsinsi cha awiriwo.

Njirayi imatha kugwira ntchito, tisaname. Mu 2013 kampani ya Gilead inatulutsa Sovaldi, mankhwala a nthenda ya chiwindi ya hepatitis C, pa madola 1,000 piritsi limodzi, 84,000 kuti munthu amalize. Mu December 2014 Express Scripts inasankha mankhwala a kampani ya AbbVie n'kukankhira a Gilead kunja kwa mndandanda kwa odwala ambiri, ndipo makampaniwo anayamba kupikisana kuchotsera mitengo. Bwana wa kampani ya anthu 200 sakanatha kugwedeza Gilead payekha. Mkhalapakati woyimira anthu mamiliyoni anatha.

Vuto lili pa wodwala amene waima pa kauntala. Pa mankhwala odula, inshuwaransi zambiri zimamulipiritsa gawo la mtengo, ndipo mu Medicare gawolo lakhala likuyambira pa 25 mpaka 33 peresenti. Kawirikawiri gawolo amaliwerengera pa mtengo wolengezedwa uja, rebate isanachotsedwe. Tingopeka manambala osavuta. Mankhwala alembedwa madola 10,000 pamwezi, ndipo kampani idzabweza 2,000, ndiye kuti mtengo weniweni ndi 8,000. Wodwala wolipira 25 peresenti atulutsa 2,500, pomwe pa mtengo weniweniwo akanatulutsa 2,000. Ndalama yobwezedwa ija ikadzafika, yambiri imapita kwa wa inshuwaransi kapena kwa bwana, amene angaigwiritse ntchito kuti ndalama yapamwezi ya anthu onse isakwere kwambiri. Ndiye kuti wodwala khansa akuthandiza kulipirira anthu athanzi. Inshuwaransi inayenera kuyenda mosemphana ndi mmenemu.

Komanso ngati gawo la PBM likuwerengedwa pa mtengo wolengezedwa, mankhwala odula okhala ndi rebate yaikulu amaikomera kuposa otchipa opanda rebate. Pa mfundo imeneyi ndi pamene FTC inasumira atatu aja mu September 2024, pa nkhani ya insulin ya odwala shuga. Ma PBM amayankha kuti pafupifupi rebate yonse amaipereka kwa makasitomala awo. Koma pakati pa 2019 ndi 2021 aliyense wa atatuwa anatsegula kampani ina yapadera yonenerera mitengo: Ascent ya Express Scripts inatsegulidwa ku Switzerland, Emisar ya Optum ili ku Ireland, CVS ili ndi Zinc. Makampani amenewa amalandira ndalama zina kwa opanga mankhwala zimene sizitchedwa rebate, choncho lonjezo lopereka rebate yonse silizikhudza.

Komabe, pa khansa rebate si ndiyo nyama yaikulu, ndipo ambiri olankhula za nkhaniyi amaphonya pamenepa. Malamulo a Medicare ali ndi magulu asanu ndi limodzi a mankhwala amene inshuwaransi iyenera kulipira pafupifupi onse, ndipo a khansa ali m'gulumo. Ndiponso mankhwala ambiri a khansa alibe mnzake woti n'kulowa m'malo mwake. Wopanga akadziwa kuti simungamutsekere kunja, abwezerenji zambiri? Choncho phindu la mkhalapakati pa khansa limachokera kwina, pa kugulitsa kwenikweniko.

Woyimbira mpira ndi mwini timu

Mapiritsi a khansa ali m'gulu la mankhwala amene ku America amawatcha specialty, apadera. Palibe lamulo limodzi lonena kuti apadera ndi ati. PBM iliyonse imakonza mndandanda wake. Mankhwala akangolowa pamenepo, wodwala amatha kuuzidwa kuti sangawatenge pa famase ya pafupi ndi kwawo, ngakhale pa famase ya pachipatala pamene akulandira thandizo. Awatenge ku famase yapadera yotumiza pa positi. Ndipo famase yapaderayo ndi ya ndani? Caremark ili ndi CVS Specialty, Express Scripts ili ndi Accredo, Optum ili ndi yakeyake. Malinga ndi FTC, mafamase a pachibale ndi ma PBM akuluakulu akutenga pafupifupi 70 peresenti ya ndalama zonse za mankhwala apadera.

Tsono onani mmene zakhalira. PBM ndi imene imadula mtengo woti famase ilipidwe. Famaseyo ndi yake. Wodwala alibe kwina kopita. Mbuzi imadya pamene aimangirira, koma iyi yadzimangirira yokha m'munda wa chimanga.

FTC itayamba kufufuza mu June 2022 pansi pa utsogoleri wa Lina Khan, inasankha mankhwala awiri a khansa kuti iwaonetsetse bwino: imatinib uja, ndi abiraterone, mankhwala a khansa ya prostate amene Johnson & Johnson inkagulitsa ndi dzina loti Zytiga. Onse awiri umwini wake unali utatha, aliyense angathe kupanga. Lipoti la July 2024 linati pa mankhwala awiri okhawa, m'zaka zosakwana zitatu, mafamase a ma PBM atatu aja anapeza pafupifupi madola 1.6 biliyoni pamwamba pa mtengo woodera. Express Scripts inakwiya nalo lipotilo mpaka inasumira FTC kukhoti kuti ilichotse. Mu January 2025 kunatuluka lipoti lachiwiri, limene makomishonala onse asanu, a zipani zonse ziwiri, anavomereza kuti lituluke. Ili linaunika mitundu 51 ya mankhwala apadera amene umwini wake unatha, a khansa, a HIV ndi ena, ndipo linapeza madola oposa 7.3 biliyoni pamwamba pa mtengo woodera kuyambira 2017 mpaka 2022. Ena ankagulitsidwa kuwirikiza kakhumi kapena kuposa apo. Linapezanso kuti ma PBM ankalipira mafamase awo ndalama zambiri kusiyana ndi mafamase a anthu ena, pa mankhwala omwewo.

Wina angafunse kuti, ngati wa inshuwaransi ndi famase ndi amodzi, kampani ingadzibere yokha bwanji? Mayankho alipo awiri. Loyamba, nthawi zambiri ndalamayo si yawo. Makampani akuluakulu ambiri amalipira okha mabilu a antchito awo, wa inshuwaransi amangoyendetsa mapepala, ndipo mu Medicare gawo lalikulu ndi msonkho wa anthu. Lachiwiri ndi lochenjera kwambiri. Lamulo la zaumoyo la 2010, limene anthu amalitcha Obamacare, limati wa inshuwaransi agwiritse ntchito 80 kapena 85 peresenti ya ndalama zimene watolera pa chithandizo cha odwala, kuti asamangodya. Koma ndalama yolipira famase imawerengedwa ngati chithandizo. Ikachoka m'thumba lakumanja n'kulowa lakumanzere, pa pepala yapita kwa odwala, pomwe buluku ndi lomwelo. Aphungu awiri a Senate, Elizabeth Warren wa Democrat ndi Mike Braun wa Republican, anafunsa za zimenezi mu 2023 atawerenga nkhani ya imatinib ija.

Masiku amene amatayika

Ndalama n'zosavuta kuwerenga. Chimene madokotala ndi anamwino a khansa amadandaula nacho kwambiri ndi nthawi.

Tiyerekeze mayi wina wa zaka 58, wophika pa sukulu, amene khansa ya m'mawere yamufalikira m'mafupa. Lolemba dokotala wamulembera mapiritsi. M'chipinda chapafupi, pa chipatala chomwecho, muli famase ndipo mapiritsiwo ali pa shelefu. Sangapatsidwe. Choyamba pakufunika chilolezo cha PBM, chimene amati prior authorization. Namwino adzaza fomu, aphatikiza zotsatira za kulabu, atumiza pa fakisi, pakuti zipatala za ku America zikugwiritsabe ntchito fakisi. Lachinayi yankho labwera kuti pepala lina likusowa. Atumizanso. Sabata yotsatira akanidwa, akuti ayambe wayesa mankhwala ena otchipirapo, akalephera ndiye abwerenso. Dokotala apempha kulankhula ndi dokotala wa kampaniyo, amene nthawi zina sakhala katswiri wa khansa n'komwe, ndipo pakati pa odwala awiri aima m'khonde foni ili kukhutu. Chilolezo chatuluka. Tsopano pepala la mankhwala lipite ku famase yapadera ya kutali, imene iyenera kuimbira mayiyo foni kuti alipire gawo lake asanatumize. Foniyo yabwera ali kukhitchini ya sukulu, nambala yachilendo, sanayankhe. Pofika tsiku loti katoni isiyidwe pakhomo pake, papita milungu itatu.

Atamwa milungu iwiri, magazi awonetsa kuti asilikali a m'thupi atsika kwambiri, ndipo dokotala wachepetsa mlingo. Zimenezi n'zachizolowezi pa khansa. Koma famase yakutaliyo inatumiza kale botolo lina la mlingo wakale, ndipo mankhwala amene afika m'nyumba ya munthu sabwezedwa. Madola zikwi zingapo apita kudzala, ndipo mlingo watsopano uyambiranso ulendo wake. Mayi ameneyu ndangomupeka, koma sitepe iliyonse ndi yodziwika kwa aliyense wogwira ntchito m'chipatala cha khansa kumeneko. Bungwe la zipatala zing'onozing'ono za khansa, Community Oncology Alliance, lakhala likusonkhanitsa nkhani zotere kwa zaka zambiri, ndipo bungwe lalikulu la madokotala a khansa, ASCO, linatulutsa chikalata chodandaula za ma PBM mu 2018.

Ngakhale mankhwala a diripi, amene kale anali kunja kwa mpanda wawo, ayamba kuwafikira. Inshuwaransi zina zimaletsa chipatala kugwiritsa ntchito mankhwala a m'nkhokwe yake, n'kulamula kuti a wodwala aliyense achokere ku famase yapadera, dzina lake litalembedwa pa thumba. Amati white bagging. Koma mlingo wa mankhwala a diripi umadalira sikelo ndi magazi a tsiku lomwelo. Wodwala akafika ataonda, kapena impso zikuvuta, thumba lija silikugwiranso ntchito, ndipo silingapatsidwe kwa wina. Munthu amene wapempha tchuthi kuntchito, wapeza womuperekeza, wayenda ulendo wa maola awiri, abwerera osalandira.

Pa thumba la wodwala palinso msampha wina. Inshuwaransi zambiri zili ndi ndalama yoyamba imene munthu amalipira yekha chaka chilichonse zisanayambe kumuthandiza, imene amati deductible. Makampani opanga mankhwala, podziwa kuti mitengo yawo ndi yosafikirika, amapereka makuponi othandiza anthu a inshuwaransi ya kuntchito kulipira gawo lawo. Kale ndalama ya kuponiyo inkawerengedwa ngati wodwala walipira. Ma PBM anabweretsa njira yoti kuponi ailandire koma asaiwerengere. January, February, March munthu akungotenga mankhwala osalipira kanthu, mtima uli m'malo. Kuponi ikatha, apeza kuti deductible yake, tinene madola 5,000, ikumudikira yathunthu. Zigawo zingapo za dzikolo zinaletsa mchitidwewu, koma malamulo a zigawo safika pa makampani akuluakulu amene amalipira okha mabilu a antchito awo.

Zotsatira zake zinayezedwa. Jalpa Doshi ndi anzake a pa University of Pennsylvania anaunika anthu oposa 38,000 amene analemberedwa mapiritsi a khansa, inshuwaransi n'kuvomereza. Kafukufuku wawo wa 2018 anasonyeza kuti pamene gawo la wodwala linali madola 10 kapena kucheperapo, munthu mmodzi pa 10 aliwonse sankapita kukatenga mankhwalawo. Pamene linapitirira madola 2,000, pafupifupi theka ankawasiya. Anthu oti auzidwa kuti ali ndi khansa, mankhwala alipo, chilolezo chilipo, koma akubwerera chimanjamanja. Scott Ramsey wa ku Seattle anapeza mu 2013 kuti odwala khansa amagwa m'ngongole zolephera kubweza mpaka kukalembetsa kukhoti kuwirikiza kawiri ndi theka poyerekeza ndi anthu ena, ndipo mu 2016 anasonyeza kuti amene afika pamenepo amamwaliranso msanga kuposa odwala anzawo. Si zonsezi zimene tingazikoleke pa PBM, ayi. Koma gawo la wodwala likamawerengedwa pa madola 6,600 m'malo mwa 47, dzanja la mkhalapakati likuonekera.

Mafamase a anthu wamba nawonso analira nawo. Kwa zaka zambiri mu Medicare munali ndalama zotchedwa DIR, zimene PBM inkadula famase patapita miyezi mankhwala atagulitsidwa kale, ponena kuti sinakhoze bwino pa miyezo ina. Mlimi wa fodya amene anaonapo ndalama zikudulidwa pa pepala la ku okushoni angamvetse, kungoti apa kudulako kunkabwera iwe utadya kale ndalamayo. Miyezoyo kawirikawiri inali ya matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, yosakhudzana ndi famase ya pachipatala cha khansa, ndipo pa botolo la madola 10,000 maperesenti ochepa okha ankakwana kumeza phindu lonse. Bungwe loyendetsa Medicare linati ndalama zoterezi zinakwera ndi 107,400 peresenti pakati pa 2010 ndi 2020. Nambalayi sindinailakwitse. Kuyambira January 2024 lamulo likuti kudula kulikonse kuzionekera pa tsiku logulitsa. Ku Ohio nako, mu 2018, wofufuza mabuku a boma Dave Yost anapeza kuti m'chaka chimodzi ma PBM anasunga madola 224.8 miliyoni a Medicaid, kusiyana kwa ndalama imene analipiritsa boma ndi imene anapereka ku mafamase.

Oloza chala nawonso ali ndi zawo

Ma PBM ali ndi bungwe lowalankhulira, PCMA, ndipo yankho lawo ndi loti mtengo amaika ndi opanga mankhwala, iwo amangoyesa kuutsitsa. Amatinso ofufuza amatola mankhwala ochepa okwera n'kusiya zikwi zina zimene iwo atchipitsa, komanso kuti mabwana amasankha okha mtundu wa mgwirizano. Mfundo yoyambayo ndi yoona. Palibe PBM imene inauza Novartis kuti ikweze Gleevec chaka ndi chaka pomwe ndalama zofufuzira zinali zitabwerera kale. Ndipo makampani opanga mankhwala awononga ndalama zambiri pa malonda a pa TV onyoza amkhalapakati, chifukwa maso a anthu akakhala uko iwo apumako.

Madokotala nawo si angelo. Pa mankhwala a diripi, Medicare imalipira chipatala mtengo wa pamsika n'kuwonjezerapo 6 peresenti, choncho mankhwala odula amabweretsa zambiri kuposa otchipa. Zipatala zikuluzikulu zimatha kulipiritsa inshuwaransi kuwirikiza kangapo mtengo umene zinagulira, ndipo white bagging ija inabwera pofuna kuthana ndi zimenezo. Chipatala chimene chikumenyera kuti chizigulitsa chokha mapiritsi chikumenyera wodwala, inde, komanso chikumenyera phindu lake. Kupempha chilolezo nakonso kuli ndi malo ake, poti dokotala amatha kulemba mankhwala odula pomwe otchipa akanagwira ntchito mofanana. Kwa ine kusiyana kuli apa: dokotala wadyera amakumanabe ndi wodwala wake maso ndi maso sabata yamawa, ndipo wodwalayo angathe kusintha dokotala. PBM sanaisankhe, anasankha ndi abwana ake, ndipo nthawi zambiri abwanawo nawonso saloledwa kuona mitengo yeniyeni imene ili mu mgwirizano.

Kwa abale athu amene ali ku America ndi inshuwaransi ya kuntchito, pali kanthu kamodzi kothandiza. Mpaka 2018, mapangano ena ankaletsa wa pa famase kuuza kasitomala kuti kugula ndi ndalama zake kungatchipe kusiyana ndi kudzera mu inshuwaransi. Mu October chaka chimenecho malamulo awiri analetsa kutseka pakamwa kotereku. Choncho ngati mankhwala a khansa amene mwalemberedwa ndi oti umwini wake unatha, funsani mtengo wa kashi, ndipo yerekezani ndi mafamase ngati Cost Plus ya Mark Cuban, imene imaonetsa poyera mtengo woodera n'kuwonjezerapo 15 peresenti ndi tindalama tochepa ta ntchito ndi positi. Kungoti ndalama yolipira kunja kwa inshuwaransi kawirikawiri siwerengedwa pa deductible, ndiye muyambe mwawerengetsa. Zipatala zambiri za khansa zilinso ndi munthu wolembedwa ntchito yothandiza odwala pa nkhani za ndalama ndi kuchita apilo akakanidwa.

Kwa okalamba a mu Medicare, mpumulo waukulu unabwera ndi lamulo la 2022 lotchedwa Inflation Reduction Act. Kale gawo la wodwala linalibe malire, ndipo amene ankamwa mapiritsi ena a khansa ankatulutsa madola oposa 10,000 pachaka. Mu 2025 malire anaikidwa pa madola 2,000. Lamulo lomweli linapatsa boma mphamvu yonenerera lokha mitengo ya mankhwala ena, ndipo Imbruvica, ya khansa ya m'magazi, inali pa gulu la khumi oyambirira. Koma malirewo amangoteteza thumba la wodwala pa kauntala. Mtengo wokwezedwa uja ulipobe, ukulipidwa ndi msonkho ndi ndalama yapamwezi, ndipo munthu wa zaka 50 wa inshuwaransi ya kuntchito lamuloli silimukhudza.

Zigawo zakhala zikuyesa zake. Arkansas inakhazikitsa lamulo mu 2015 loletsa PBM kulipira famase ndalama yochepera pa mtengo umene famaseyo inaodera. PCMA inasuma, mlandu unafika ku khoti lalikulu la dzikolo, ndipo mu December 2020 oweruza onse asanu ndi atatu amene anaumva anagamula mokomera Arkansas. Mu April 2025 chigawo chomwecho chinapita patali. Bwanamkubwa Sarah Huckabee Sanders anasaina lamulo loletsa PBM kukhala ndi famase m'chigawomo, loyamba la mtundu wake m'dziko lonselo, lolunjika pa muzu weniweni wa nkhaniyi. Makampani anathamangira kukhoti, ndipo mu July chaka chomwecho woweruza analiimitsa lisanayambe kugwira ntchito.

Ena ayesa kungochoka. Mu August 2023 kampani ya inshuwaransi ya Blue Shield of California, ya mamembala pafupifupi mamiliyoni asanu, inalengeza kuti ikusiya kudalira CVS Caremark yokha, ndipo ntchitoyo iigawa kwa makampani angapo, kuphatikizapo Amazon Pharmacy ndi Cost Plus. Inati ikuyembekeza kupulumutsa mpaka madola 500 miliyoni pachaka, ndipo tsiku lomwelo masheya a CVS anatsika kwambiri. Pa chilengezo chomwecho, gawo la mankhwala apadera, mmene muli mapiritsi ambiri a khansa, inalisiyabe m'manja mwa CVS.